Khirisimasi yatha, nanga chikhulupiriro chija tichita nacho bwanji Lachiwiri wamba?

Abale anga, nkhani iyi yakhala ikundisautsa mumtima kwa zaka ndithu ndiye ndati ndingoilemba basi. Mu Disembala tchalitchi chimadzaza mpaka ena kuima panja, kwaya ikuimba ndi mtima wonse, tikupatsana moni ndi anthu oti chaka chonse sitinayankhulane nawo, usiku wa pa 31 tikulonjeza Mulungu zinthu zambirimbiri misozi ili chuchuchu. Kenako Januwale uja wafika, zokongoletsa tatsitsa, alendo apita, m'thumba mwauma, ntchito yayambanso, ndipo pofika pakati pa mwezi Baibulo lija labwerera pamwamba pa kabati fumbi lili mbuu. Ineyo zandichitikira kangapo ndipo zinkandiwawa, chifukwa sindinkanama polonjeza paja, ndinkatanthauzadi. Koma unali moto wa mapesi, umayaka ndi ukali kenako phulusa lokhalokha. Chomwe ndinkasowa ndi chikuni chija chimagona ndi moto usiku onse, m'mawa ukangouzira pang'ono wayaka.

Vesi imene inanditsegula maso ndi Luka 2:20. Abusa aja ataona angelo, atathamangira ku Betelehemu n'kumuona mwana atagona modyera ziweto, Luka akuti anabwerera akulemekeza Mulungu. Anabwerera kuti? Ku nkhosa zomwe zija, ntchito yomwe ija ya usiku, fungo lomwe lija. Ndipo Yesu mwiniwake, Luka 3:23 akuti anayamba utumiki ali ndi zaka ngati 30. Pakati pa khola lija ndi mtsinje wa Yorodano timangomva zochepa, kuperekedwa kwake m'Kachisi, kuthawira ku Igupto, ulendo wa ku Yerusalemu ali ndi zaka 12, basi. Zaka zina zonsezo anali ku Nazarete, mudzi woti Natanaeli anafunsa ngati kungachokere chabwino, ndipo anthu akwawo ankangomudziwa ngati mmisiri wa matabwa (Marko 6:3). Ndiye kuti gawo lalikulu la moyo wa Mwana wa Mulungu padziko pano linali masiku wamba, a ntchito ndi thukuta. Ngakhale kalendala ya mipingo imene imatsatira nyengo za chaka ikunena zomwezo, mwachitsanzo kwa Akatolika nyengo ya pachaka, ija ansembe amavala zobiriwira, imatenga masabata 33 kapena 34, kuposa nyengo zina zonse kuziphatikiza pamodzi. Masiku wamba ndi amene ali ochuluka, ndiye tiyeni tikambe za iwowo.

Choyamba, chepetsani malonjezo aja

Tengani pepala mulembe zonse munalonjeza podutsa chaka. Mwina munati muzidzuka 4 koloko kupemphera ola lathunthu, mumaliza Baibulo lonse pofika Juni, musiya kukwiya, muzisala kudya sabata iliyonse, muziyendera odwala. Zonsezo ndi zabwino koma munthu sasenza mitolo isanu nthawi imodzi. Chongani ziwiri zokha, chimodzi cha pakati pa inu ndi Mulungu, china cha pakati pa inu ndi anthu, zinazo zidikire kaye. Ndipo ziwirizo zichepetseni mpaka zifike poti ngakhale tsiku loti mwatopa, mwana wadwala usiku onse, mungathebe kuchita. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Chachiwiri, pemphero lipatseni nthawi ndi malo ake

Kunena kuti "ndizipemphera ndikapeza mpata" n'kudzinamiza, mpata sumapezeka wokha. Danieli ankagwada katatu pa tsiku m'chipinda chake mazenera atatsegula kuloza ku Yerusalemu, ndipo Danieli 6:10 akunena kuti ankatero monga anazolowera kale, ndiye pamene lamulo la mfumu linabwera sanachite kuyamba kumene, anangopitiriza. Yesu naye pa Marko 1:35 anadzuka kusanache n'kupita kwayekha, pomwe dzulo lake anali atachiritsa anthu mpaka usiku.

Inuyo chitani chonchi. Sankhani chinthu chimene mumachita kale tsiku lililonse osaiwala, kaya ndi kusukusula, kaya kudikira madzi kuti awire, kaya kukhala pansi kumanga nsapato, ndiye pemphero mulimangirire pamenepo. Mukamaliza kusukusula, musanagwire foni, khalani pampando womwewo tsiku lililonse kwa mphindi khumi. Ndikubwerezanso, musanagwire foni. Apa ndi pamene ambiri timagwera, umangoti ndingoona nthawi, kenako waona mameseji 40 a pa WhatsApp, wayankha awiri, waona sitetasi ya munthu yakukwiyitsa, pofika poti upemphere mutu wadzaza kale phokoso ndipo nthawi yatha. Ine ndinachita kuyamba kusiya foni ikutchaja kutali ndi bedi, alamu ikalira ndimayenera kudzuka kukaizimitsa, ndikaizimitsa ndimaisiya pomwepo chafufumimba.

Nanga mphindi khumizo munene chiyani? Ngati mawu akusowa musadandaule, Ambuye anatipatsa kale pa Mateyu 6:9-13. Koma musalithamange ngati ndakatulo ya kusukulu. Nenani mzere umodzi, imani, ikanimo za moyo wanu. Pa "kufuna kwanu kuchitidwe" tchulani nkhani imene ikukuvutani kuisiya m'manja mwake. Pa "chakudya chathu chalero" tchulani zimene mukusowa lero lomwe, osati za chaka chonse. Pa "monga ifenso tikhululukira" tchulani dzina la munthuyo, inde dzina lake, ngakhale pakhosi pakuwawa. Mudzaona kuti mphindi khumi zikuchepa.

Mawu oti "chalero" amenewa ndimawakonda kwambiri chifukwa amandikumbutsa mana a pa Eksodo 16. Aisraeli anauzidwa kuti azitola okwanira tsiku limodzi, ndipo ena atayesa kusunga mpaka m'mawa anagwa mphutsi n'kununkha, kupatula pa tsiku lachisanu ndi chimodzi pamene ankatola a masiku awiri chifukwa cha Sabata. Ifenso timafuna kutola mana a chaka chonse usiku umodzi wa Disembala, ndiye tikudabwa kuti mu Febuluwale mulibe kanthu mumtima.

Chachitatu, Baibulo, ndipo apa ndichedwapo pang'ono

Ambiri timayambira pa Genesis 1 pa 1 Januwale ndi mphamvu zonse, Genesis n'kukoma, Eksodo n'kukoma mpaka theka, kenako tafika pa miyeso ya chihema ndi malamulo a nsembe a mu Levitiko, basi ulendo wathera pompo. Sikuti mabuku amenewo ndi opanda ntchito ayi, koma amamveka bwino ukayamba wamudziwa Yesu amene akulozedwa m'menemo. Ndiye ngati mukuyamba kumene kapena mwakhala nthawi yaitali osawerenga, yambani ndi Marko. Ndi waufupi pa mauthenga anayi aja, machaputala 16 okha, ndipo nkhani zake zimathamanga. Chaputala chimodzi pa tsiku, pakutha masabata awiri ndi masiku awiri mwamaliza buku lathunthu, ndipo kumaliza kumeneko kumapatsa mtima wopitiriza. Mukatero pitani kwa Luka, machaputala 24, n'kulumikiza ndi Machitidwe a Atumwi, machaputala 28, poti wolemba ndi mmodzi ndipo nkhani ikungopitirira.

Kwa amene amakonda pulani ya chaka chonse, nayi yosavuta. Chipangano Chatsopano chili ndi machaputala 260. Mukamawerenga chimodzi pa tsiku, Lolemba mpaka Lachisanu, kwa masabata 52, mwamaliza ndendende, ndipo Loweruka ndi Lamulungu zatsala zobwezera pamene munaphonya. Ena amawonjezera Miyambo poti ili ndi machaputala 31, tsiku la pa 9 chaputala 9, pa 17 chaputala 17, simungasokonezeke. Tsiku loti mtima walemera kwambiri, tsegulani Masalimo, alipo 150 ndipo ambiri ndi a anthu olira, odandaula, ena mpaka kumufunsa Mulungu kuti mpaka liti.

Koma kuwerenga kokha sikokwanira, Yakobo 1:22-24 akuti womva mawu osachita ali ngati munthu wodziyang'ana pagalasi n'kuchoka n'kuiwala mmene akuonekera. Ndiye khalani ndi kakope kakang'ono ndi cholembera mkati mwa Baibulo momwemo. Mukamaliza chaputala lembani mizere iwiri yokha: ndaona chiyani za Mulungu, ndipo lero ndichita chiyani. Mzere wachiwiriwo ukhale chinthu chogwirika. Osalemba kuti "ndikhala wachikondi", lembani kuti "ndimuimbira mlongo wanga nthawi yopuma masana". Ngati maso amavuta kapena kuwerenga kumakutopetsani, alipo Mabaibulo omvetsera pafoni, ikani m'makutu mukuchapa kapena mukuyenda, palibe cholakwika, Akhristu oyambirira ambiri ankachita kumva makalata a atumwi akuwerengedwa mumsonkhano. Kungoti mukamagwiritsa ntchito foni zimitsani data kaye.

Chachinayi, nyamulani chikhulupiriro mupite nacho kuntchito

Apa ndiye pagona nkhani. Anthu atabwera kwa Yohane Mbatizi pa Luka 3:10-14 kufunsa kuti tichite chiyani, sanawauze kuti siyani ntchito muzikhala kuchipululu ndi ine. Kwa khamu anati amene ali ndi malaya awiri apatse wopanda. Kwa okhometsa msonkho anati musalipiritse zoposa zimene munalamulidwa. Kwa asilikali anati musalande za anthu moopseza, musanamizire munthu, mukhutire ndi malipiro anu. Aliyense anamugwira pa ntchito yake yeniyeni, pamene pali yesero lake.

Ndiye dzifunseni moona mtima, pa ntchito yangayi tchimo limalowera khomo liti? Kwa wogulitsa mwina ndi sikelo, kapena kubisa kuti katundu ali ndi vuto. Kwa wa muofesi mwina ndi kusaina kuti wafika nthawi yake pomwe wachedwa, kukokomeza malisiti, kugwira ntchito pokhapokha bwana ali pafupi, chimene Akolose 3:22-23 akuchitchula mosabisa. Kwa mwana wasukulu ndi kuonera mayeso. Kwa amene muli ndi wantchito pakhomo, ndi kumuchedwetsera malipiro inu mukugula zina, pomwe Levitiko 19:13 akuti malipiro a waganyu asagone kwa inu mpaka m'mawa, ndipo Yakobo 5:4 akuti malipiro obedwawo amafuula mpaka kumveka kwa Ambuye. Pezani khomo lanulo, limodzi lokha, mulitchule m'pemphero la m'mawa ndipo mulitseke tsiku limenelo. Mawa mudzalitsekenso.

Ngongole nazonso. Ambiri timatuluka mu nyengo ya zikondwerero tili ndi ngongole, ndiye timayamba kuzemba, foni ikaitana tikuiyang'ana mpaka idule yokha, Lamulungu tikukweza manja kutsogolo mwini ndalama ali pabenchi ya kumbuyo akutiona. Abale, izi zimanyozetsa dzina la Ambuye kuposa mmene timaganizira. Ngati simungathe kubweza zonse, muimbireni munthuyo inuyo musanafunsidwe, muuzeni zoona, gwirizanani kuti muzibweza zingati ndi liti, ndipo tsikulo likafika bwezani ngakhale pang'ono.

Ndipo pafoni paja ndi pantchito pena. Musanatumize nkhani ya munthu ku gulupu, musanalembe ndemanga yolasa pa Facebook, dikirani muwerenge mpaka khumi n'kudzifunsa ngati mukanatha kunena mawu omwewo mwini wake ali pamaso panu. Yakobo 1:19 akuti tikhale ofulumira kumva, odekha polankhula, odekha pokwiya, ndipo chala chathu pa sikirini ndi lilime lomwe lija. Kuika vesi pa sitetasi m'mawa uliwonse si vuto, koma anthu amawerenganso zimene timalemba madzulo.

Chachisanu, kunyumba

Kunyumba ndi kumene kulibe kubisala, akazi anu kapena amuna anu ndi ana amakudziwani mulibe suti. Sindikuuzani kuti muyambe mapemphero a banja a ola lathunthu, ana amagona ndipo akulu amayamba kudana nawo. Yambani ndi mphindi zisanu pa nthawi imene mumakhala pamodzi kale, wina awerenge mavesi ochepa, aliyense atchule chinthu chimodzi chothokoza, wina apemphere, mwatha. Muzisinthana, ngakhale mwana wamng'ono apatsidwe tsiku lake.

Koma chimene ana amakumbukira kwambiri si mapempherowo. Tsiku lina ndinamukalipira mwana wanga koopsa chifukwa cha kapu imene inasweka, kenako ndinazindikira kuti sanaswe ndi iye. Anali atapita kale kukagona, atatembenukira kukhoma, akunamizira kugona koma mapewa akugwedezeka. Ndinaima pakhomo nthawi ndithu, mtima ukundiuza kuti kholo silipepesa kwa mwana, mawa aiwala. Koma Aefeso 4:26 inali itandikhala m'mutu, dzuwa lisalowe muli chikwiyire, ndipo apa wolakwa ndinali ine. Ndinakhala m'mphepete mwa bedi n'kumuuza kuti ndalakwa, sunaswe ndiwe, undikhululukire. Sanayankhe, anangotulutsa dzanja m'bulangete n'kugwira langa. Kuyambira pamenepo ndinaona kuti nayenso akalakwira m'bale wake kupepesa sikumuvuta ngati kale. Ndiye lamulo la panyumba likhale limeneli, nkhani isagone, ndipo wamkulu ayambe ndiye.

Chachisanu ndi chimodzi, sankhani munthu mmodzi woti musamusiye

Mu Disembala okalamba, amasiye, odwala ndi akaidi amalandira alendo ambiri, magulu amabwera ndi mphatso, zithunzi zimajambulidwa. Pitani kwa anthu omwewo mu Malichi mukaone. Pafupi ndi pamene ndinkakhala panali agogo ena amene pa Khirisimasi analandira magulu atatu tsiku limodzi, koma nditawayendera patapita miyezi iwiri ndinawapeza ali okha pampando wawo pakhomo, botolo la mankhwala lili pambali lopanda kanthu, anati atha sabata yatha koma analibe womutuma. Sanandipemphe ndalama, anangoti khalani pansi mwanangu ticheze, ndipo anayankhula ola lathunthu osapuma ngati munthu amene mawu anamuunjikira m'kamwa.

Simungathandize onse, koma mmodzi mungathe. Sankhani munthu mmodzi kapena banja limodzi, lembani tsiku pa kalendala, kaya Loweruka loyamba la mwezi uliwonse, ndipo muzipita ngakhale mulibe chonyamula. Kuchapa, kusesa, kuwaperekeza kuchipatala, kuwawerengera Salimo, kungomvetsera. Yakobo 1:27 akuti chipembedzo choyera ndi kuchezera ana amasiye ndi akazi amasiye m'masautso awo, ndipo pa 2:15-16 akudzudzula zongomuuza munthu wanjala kuti pita mumtendere osamupatsa kanthu. Pa nkhani ya ndalama, njira ya Paulo pa 1 Akorinto 16:2 ndi yothandiza mpaka lero, tsiku loyamba la sabata aliyense aziika padera kenakake monga mwa kupeza kwake. Mukamadikira kuti zitsale sizitsala. Patulani poyamba, ngakhale zochepa, mu envelopu yakeyake. Ndipo kamera isiyeni m'thumba, Mateyu 6:3-4 ndi yomveka bwino pamenepa.

Chachisanu ndi chiwiri, musayende nokha

Pitani ku tchalitchi Lamulungu wamba lija, loti kulibe mlendo wolalikira, kwaya yabwera theka, mabenchi ali gwaa. Ahebri 10:24-25 akuti tisaleke kusonkhana monga amachitira ena, ndiye kuti vuto lojomba linalipo kale nthawi imeneyo. Kuonera ulaliki pa YouTube kumathandiza ukadwala kapena uli paulendo, koma sikirini singazindikire kuti masabata atatu simunaoneke. Lowani kagulu kakang'ono ka mapemphero a pakati pa sabata, tengani kantchito kena ngakhale kokonza mipando, ndipo pezani mnzanu mmodzi wokhwima, wosunga chinsinsi, amene muzifunsana sabata iliyonse kuti wawerenga chiyani, chakuvuta n'chiyani, ndikupempherere chiyani. Mutu umodzi susenza denga.

Madzulo musanagone, mphindi zisanu basi. Bwererani m'tsiku lonse kuyambira m'mawa, thokozani pa zinthu zitatu zenizeni zimene zachitika, vomerezani pamene mwalakwa mochita kutchula osati mwachisawawa, onani ngati pali wina woti mawa mukamupepese, ndiye za mawa muzisiye m'manja mwa Mulungu mugone.

Nanga mukaphonya?

Mudzaphonya, ndikuuzirenitu. Padzapita masiku anayi osatsegula Baibulo, mudzakwiya, khomo lija munatseka mudzalipeza lotsegula. Choopsa si kuphonyako koma mawu aja amabwera pambuyo pake oti basi zalephereka, ndidzayambanso chaka chamawa, kapena pa Pasaka. Musadikire nyengo ina. Musayesenso kubweza machaputala onse munaphonya tsiku limodzi ngati chilango, ingoyambirani pamene munalekera. Miyambo 24:16 akuti wolungama amagwa kasanu ndi kawiri n'kudzukanso, ndipo Maliro 3:22-23, buku lolembedwa Yerusalemu atawonongedwa, likuti chifundo cha Yehova chimaoneka chatsopano m'mawa uliwonse. Petro anamukana Yesu katatu, koma pa Yohane 21 Ambuye anamupeza m'mbali mwa nyanja atabwerera kokagwira nsomba, anamukonzera chakudya, n'kumufunsa katatu ngati amamukonda, n'kumupatsanso ntchito.

Palinso nyengo zina zoti simunachimwe chilichonse chachikulu koma mumtima mwangouma, mukupemphera ngati mawu akugunda denga n'kubwerera. Musathamangire kuganiza kuti Mulungu wakutayani. Eliya atangochoka pa chigonjetso chachikulu cha pa phiri la Karimeli, pa 1 Mafumu 19 tikumupeza pansi pa kamtengo m'chipululu akupempha kufa, ndipo mngelo sanamulalikire, anamudzutsa kuti adye ndi kumwa, anagonanso, n'kumudzutsanso kachiwiri kuti adye poti ulendo unali wautali. Nthawi zina chimene mukusowa ndi tulo, chakudya ndi munthu woti mumuuze. Ndipo ngati kulemera kwa mtimako kwatenga masabata, simukugona, simukudya, mukuganiza zodzipweteka, chonde uzani abusa kapena munthu amene mumamukhulupirira ndipo mukaonane ndi adokotala, kutero si kuchepa kwa chikhulupiriro. M'masiku oumawo pempherani mwachidule, ngakhale kungowerenga Salimo 13 mokweza, ili ndi mavesi 6 okha, ndipo pampando paja muzikhalapobe nthawi yomwe ija.

Usiku uno musanagone, tsitsani Baibulo pakabati paja mulipukute, ikani kapepala pa Marko 1, muliike pampando umene mwasankha pamodzi ndi kakope ndi cholembera, foni mukaitchaje kutali ndi bedi, ndipo alamu muibweze m'mbuyo ndi mphindi khumi.